Lipoti la nkhani: bridge ya zirconia imene inathyoka itangotha zaka ziwiri mkamwa, ndi mbali imene galasi linatengapo

Chidule

Lipotili ndi la bambo wa zaka 46 amene anabwera ku kiliniki yathu ya mano muno mu Lilongwe ndi bridge ya mano atatu, ndiye kuti dzino lochita kupanga lolumikizidwa ku zipewa ziwiri zovekedwa pa mano oyandikana nalo, itathyoka pakati. Mkati mwake inali ya zirconia, ceramic yoyera yolimba kwambiri, kunja yokutidwa ndi porcelain, imene gawo lake lalikulu ndi galasi. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ambiri a ife, madokotala ngakhalenso anzathu a ku labu, tikangomva kuti ntchito ndi ya zirconia mtima umakhala m'malo, timati imeneyo siisweka. Koma zirconia imene timaika mkamwa mwa anthu siikhala yokha. Imayenda ndi galasi, lina losakanikira mu ufa wake kuchokera ku fakitale, lina lopakidwa pamwamba monga porcelain kapena glaze, kachikopa konyezimiritsa. Pa bridge imeneyi galasi ndi limene linayamba kugonja, ndipo pamene zirconia inachepetsedwa kuti galasi lipeze malo ndi pomwe panadzathyoka.

Wodwala ndi dandaulo lake

Bamboyu amakhala ku Area 25 ndipo amayendetsa galimoto yaikulu yonyamula katundu kuchokera ku Kanengo kupita kunja kwa dziko. Alibe shuga, alibe BP, sasuta fodya. Dzino la 46, lotafunira la m'munsi kumanja, anazulitsa kalekale litawola. Ali pa ulendo wina kunjako anaikitsa bridge yochokera pa 45, dzino la kutsogolo kwa mpatawo, kufika pa 47, la kumbuyo kwake, ndipo analipira ndalama zimene anasunga kwa nthawi yaitali.

Chaka chisanathe, kachidutswa kanabenthuka pa nsonga ya dzino lapakati la bridgeyo. Anapita pa kiliniki ina, anangomusalazira pamene pankakanda lilime, n'kumuuza kuti palibe vuto. Patadutsa chaka china ndi miyezi ingapo, akudya chimanga chokazinga, anamva kuti thwa! Mbali yakutsogolo ya bridge inayamba kugwedera, ndipo patatha masiku ochepa inagwa yokha. Anabwera nayo ataikulunga m'kapepala.

Funso lake loyamba linali ili: "Adokotala, anandiuza kuti chimenechi n'cholimba kuposa chitsulo. Ndiye chimanga chingathyole chitsulo?"

Nditamufunsa za kagonedwe, anaseka n'kunena kuti mayi a kunyumba amadandaula kuti amakukuta mano usiku mpaka kuwadzutsa. Anavomeranso kuti akamayendetsa mtunda wautali amadzapezeka kuti waluma mano mwamphamvu osadziwa.

Zimene tinapeza mkamwa

Chipewa cha pa 47 chinali chikadali pa dzino, chogwira bwino, ndi m'mphepete mothyoka moyang'ana kutsogolo. Dzino la 45 linali pambalambanda, likunyerenyetsa ndi madzi ozizira koma losawola. Onse awiri anali amoyo, ndipo X-ray inaonetsa mizu yabwino ndi fupa lokwanira. Nkhama zinali zotupa pang'ono pamene chakudya chinkakanirira.

Zizindikiro za kukukuta mano zinali paliponse. Mano osongoka a m'mwamba anali ataphwa nsonga, otafunira anali ndi malo osalala onyezimira, minofu ya m'masaya inali yokhuthala, ndipo mkati mwa tsaya munali mzere woyera wa polumana mano. Chinthu china chofunika: dzino la 16 la m'mwamba linali litatsika pang'ono kulowa m'mpata wa 46, monga amachitira mano akakhala zaka zambiri opanda mnzake wolumana naye. Choncho mpata wa pakati pa nkhama ndi dzino la m'mwamba unali wochepa kuyambira pachiyambi. Amene anapanga bridge ija anayenera kugawa mpata wochepawo pakati pa zirconia ndi porcelain.

Kuwerenga zidutswa

Ceramic ikathyoka imasiya mbiri yake pa nkhope yothyokayo. N'chifukwa chake ndimapempha anzanga kuti asamataye zidutswa, ndiponso asamazikhudzanitse poyesa kuona ngati zikugwirizana, chifukwa kutero kumafafaniza mizere imene tikufuna kuwerenga. Ife tinatsuka chidutswa cha 45 ndi 46 mu ultrasonic, n'kuchiona pa maikulosikopu ya ku labu, nyali ikuwalira cham'mbali kuti mizere ioneke ndi mthunzi wake.

Pamene panabenthuka poyamba, porcelain inali yokhuthala mamilimita pafupifupi 2.5, ndipo pansi pake panalibe chochirikiza. Zirconia ya mkati inasemedwa ngati kachipewa kosalala kofanana paliponse, osati kotsatira maonekedwe a dzino, ndiye nsonga yonse ya dzino inamangidwa ndi porcelain yokhayokha. Kubenthukako kunachitikira mkati mwa porcelain momwemo, moti kachigawo kopyapyala kanatsalabe komatirira pa zirconia. Izi zikutiuza kuti vuto silinali kumatana kwa ziwirizi. Galasi lenilenilo ndi limene linang'ambika.

Pamene panathyoka kachiwiri ndi pa connector, polumikizira 46 ndi 47. Poyang'ana kunja connector inkaoneka yonenepa bwino. Koma pa nkhope yothyoka zinaonekeratu kuti gawo lalikulu la kunenepako linali porcelain. Zirconia yeniyeni inali mamilimita 3 m'lifupi ndi 2.5 msinkhu, kutanthauza pafupifupi 6 mm², pamene opanga zirconia ambiri amalamula kuti connector ya bridge ya kumbuyo isachepere 9 mm².

Mizere yonse ya pa nkhopeyo, imene timaitcha hackle, inkabwerera ku malo amodzi: pansi pa connector, kumbali ya nkhama. Pamenepo panali kangalande kakuthwa kolowa mu zirconia, kowongoka ngati kodulidwa ndi disc, kawilo kodulira. Zikuoneka kuti bridge itatuluka mu ng'anjo ya ku labu, wina anadutsitsapo disc kuti mano aoneke olekana bwino ngati achilengedwe, kenaka glaze inayenderera n'kudzaza kangalandeko. Mu glaze yodikha m'menemo munali timabowo ta mpweya. Kumtunda, kumbali yolumira, nkhope yothyokayo inapindika, chizindikiro chodziwika cha pamene mng'alu umathera ukachokera mbali yokokeka kupita mbali yopanikizika.

Munthu akafuna kuthyola nzimbe pa bondo, amaitema pang'ono ndi mpeni kumbali yoyang'ana kutali, chifukwa mbali imeneyo ndi imene imakokeka nzimbe ikamapindika, ndipo pamene patemedwa ndi pomwe imathyokera. Bridge nayo ikalumidwa pamwamba, pansi pa connector ndi pamene pamakokeka. Kangalande kaja kanatemedwa pamalo enieniwo, ndipo galasi linakabisa kuti dokotala woika bridge asakaone.

Chimene chimapatsa zirconia mphamvu

Zirconia ndi oxide ya zirconium, ZrO2, ndipo maatomu ake amayalana m'njira zitatu malinga ndi kutentha. Kufika madigiri pafupifupi 1170 imakhala monoclinic, kuchokera apo kufika cha pa 2370 imakhala tetragonal, kupitirira apo imakhala cubic mpaka itasungunuka cha pa 2700. Ikamazizira kuchoka ku tetragonal kubwerera ku monoclinic imatupa ndi pafupifupi 4 peresenti, moti zirconia yopanda chosakaniza imang'ambika yokha isanatuluke n'komwe mu ng'anjo. Opanga amathiramo yttria, oxide ya yttrium, kuti tetragonal ikhalebe ngakhale itazizira. Imene tinazolowera pa ntchito ya mano ndi 3Y-TZP, yokhala ndi yttria 3 peresenti powerengera mamolekyu, osati kulemera kwake.

Tetragonal yogwidwa chonchi imakhala yokonzeka kusintha nthawi iliyonse ikakankhidwa. Mng'alu ukayamba kuyenda, timibulu tosaoneka ndi maso timene timapanga zirconia, timene tili kutsogolo kwa mng'aluwo, timasanduka monoclinic, timatupa, n'kuupanikiza mng'aluwo kuti usapitirire. Garvie, Hannink ndi Pascoe a ku Australia anasonyeza zimenezi mu 1975 m'magazini ya Nature, n'kuiyerekeza zirconia ndi chitsulo. Mawu amene bamboyu anauzidwa anachokera kumeneko. Kungoti chitsulo chimayamba chapindika chisanathyoke, pamene zirconia imapirira mpaka pamlingo wake kenaka n'kuduka kamodzin'kamodzi.

Poyesa kuipinda, 3Y-TZP imapirira MPa 900 mpaka 1200 (MPa ndi muyeso wa mphamvu yokoka kapena yopanikiza). Lithium disilicate, ceramic ina ya galasi yopangira mano, imafika cha pa 400. Porcelain imene timakutira nayo siipitirira kwenikweni 100. Galasi lilibe timibulu totha kusintha ndi kutupa, choncho mng'alu ukalowamo palibe choutchinga.

Galasi la mkati mwa zirconia

Zirconia yambiri imachokera ku mchenga wa zircon, ZrSiO4, womwe umapezekanso mu mchenga wolemera wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira. Mu zircon, zirconium imakhala yomangana ndi silica, ndiye silica ndi chotsalira choyamba chimene opanga ufa amalimbana nacho. Potentha zirconia pa madigiri 1450 mpaka 1550, silica imakumana ndi alumina, yttria ndi zotsalira zina monga soda kapena laimu, n'kupanga kamadzi kamene kamayenda pakati pa timibulu. Kakazizira kamasanduka galasi.

Galasi limeneli likakhala lochepa limathandiza. Kamadzi kaja kamapangitsa timibulu kuyandikana msanga, choncho zirconia imathina bwino pa kutentha kocheperako. Timibulu timatuluka toburungira m'malo mokhala ndi ngodya zakuthwa, ndipo galasi limakadikha m'timakona momwe timibulu titatu takumana. Martha Mecartney analemba za kusintha kwa maonekedwe a timibuluku mu 1987. Mu 2002, Laurent Gremillard, Jérôme Chevalier ndi anzawo a ku Lyon anasonyeza kuti silica yochepa imachedwetsa kukalamba kwa zirconia popanda kuononga mphamvu yake yokana ming'alu.

Kukalambaku si nkhani yaing'ono kwa ife amene timaika zirconia m'malovu. Madzi amatha kuyambitsa kusintha kwa tetragonal kupita ku monoclinic pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, popanda mng'alu uliwonse. Kambulu kamodzi kakatupa kamakankha anzake, timing'alu timatseguka, madzi amalowa mkati, zimapitirira. Madokotala a mafupa anaziona mu 2001, pamene mitu ya zirconia yotchedwa Prozyr, yoika m'malo mwa mutu wa fupa la m'chiuno, inayamba kusweka m'matupi mwa odwala mpaka inachotsedwa pa msika, ndipo vutolo linalondoledwa ku kusintha kwa ng'anjo zimene ankatenthera. Lero zirconia ya m'thupi imayesedwa mu nthunzi ya madigiri 134 isanavomerezedwe. Timibulu toburungira timakankhana pang'ono m'makona, ndiye kusinthaku kumavuta kuyamba. Alumina yochepa, pafupifupi 0.25 peresenti, imene inkaikidwa mu zirconia yoyamba ya mano, nayonso inali yoteteza ku vuto lomweli.

Galasi likachuluka nkhani imatembenuka. Silikhalanso m'makona mokha, limayala kachikopa kozungulira kambulu kalikonse. Mng'alu umapeza njira yofewa yodutsa m'malire a timibulu, m'galasi, osakankha timibulu mokwanira kuti tisinthe. Galasi limathanso kusungunula yttria kuchoka m'timibulu tina, ndiye zirconia siikhalanso yofanana paliponse. Mphamvu imatsika, kuuma kumatsika. Pa kutentha kwakukulu galasi la m'malire limafewa n'kulola timibulu kutsetsereka, moti akatswiri a ku Japan m'zaka za m'ma 1990 anakoka zirconia yothira silica n'kuitalikitsa kuposa 1000 peresenti isanaduke. Zimenezo n'zothandiza kwa woumba ziwiya za mafakitale, koma zikusonyeza mmene galasi limasinthira khalidwe la malire a timibulu.

Ife a mano tili ndi chitsanzo chathu. In-Ceram Zirconia inali alumina yosakaniza ndi zirconia, yotenthedwa pang'ono kuti ikhale ndi timabowo, kenaka n'kumwetsedwa galasi la lanthanum. Inali yosavuta kupanga popanda makina osema, koma mphamvu yake inali pafupifupi theka la 3Y-TZP yothina. Muyeso wa dziko lonse wa zirconia yoika m'thupi, ISO 13356, umafuna kuti zirconia, hafnia ndi yttria pamodzi zikwane 99 peresenti, ndipo ma oxide ena asapitirire 0.5 peresenti. Malirewo anaikidwa chifukwa cha zimene ndafotokozazi.

Apa ndi pamene ndimadera nkhawa kuno kwathu. Ma disc a zirconia, amene labu imasemamo mano, amabwera kuchokera kosiyanasiyana, ena otchipa kwambiri, ena opanda pepala lililonse lonena zimene zili mkati. Ndi maso sungasiyanitse. Bamboyu analibe khadi lonena mtundu wa zirconia imene anamuika, ndipo odwala ambiri amene ndimawaona alibenso. Dokotala ali ndi ufulu wofunsa labu dzina la wopanga, mtundu ndi nambala ya lot, ndipo wodwala ayenera kupita nazo kunyumba zolembedwa. Silica imathanso kulowa ku labu komweko. Zotenthetsera ng'anjo za molybdenum disilicide zimadziphimba ndi kachikopa ka silica kamene kamatha kusupuka zikakalamba, n'chifukwa chake ntchito imatenthedwa m'mbale yovindikira. Makina osemera ndi madzi amene asemanso lithium disilicate amasiya fumbi la galasi m'madzimo, ndipo zirconia yosapsa, imene imasemedwa isanalowe mu ng'anjo, imamwa madzi amenewo. Ndiye pali nkhani ya magetsi: akathima ng'anjo ili pakati pa ntchito, zirconia siithina mokwanira, ndipo kuitentha mopitirira muyeso pofuna kubwezera kumakulitsa timibulu. Kutentha kopitirira madigiri 1600 kumatsitsa mphamvu ya 3Y-TZP. Labu yopanda jenereta yodalirika isamayatse ng'anjo ya zirconia.

Galasi la pamwamba

Pa bridge ya bamboyu galasi la pamwamba ndi limene linaonekera poyera. Zinthu ziwiri zikamatidwa pa moto ziyenera kufota mofanana pozizira. Zirconia imafota ndi pafupifupi magawo 10.5 pa miliyoni pa digiri iliyonse, ndipo porcelain yake imapangidwa kuti izifota mocheperapo pang'ono kuti itsale yopanikizika. Porcelain yopangira chitsulo siyenera kupakidwa pa zirconia chifukwa manambala ake ndi ena.

Ngakhale porcelain ikhale yoyenera, pali vuto la kuzizira. Zirconia siidutsitsa bwino kutentha, imangodutsitsa mawati 2 kapena 3 pa mita pa digiri, kutali kwambiri ndi zitsulo zimene tinkagwiritsa ntchito kale. Ukatsegula ng'anjo msanga monga tinkachitira ndi porcelain ya pa chitsulo, kunja kwa porcelain kumauma pamene mkati, pafupi ndi zirconia, mukadali motentha ndi mofewa. Mkatimo mukadzazizira mumafuna kufota koma kunja kwauma kale, ndiye mumatsala mokokeka. Michael Swain anafotokoza bwino zimenezi mu 2009, ndipo kuyambira nthawi imeneyo opanga amalangiza kuziziritsa pang'onopang'ono pa kutentha komaliza, mpaka kudutsa madigiri 500 kapena 600 pamene galasi limaumira. Porcelain ikakhuthala, vutoli limakula. Nsonga ya mamilimita 2.5 yopanda chochirikiza, mkamwa mwa munthu wokukuta mano, inkangodikira kuti pamwamba paperepeseke pang'ono kuti mng'alu ufike pa gawo lokokeka la mkati.

Pa connector vuto linali lina. Zinthu ziwiri zomatana zikapindidwa, chimene chili kumbali yokokeka ndi chimene chimayamba kung'ambika. Mukaika porcelain pansi pa connector, mng'alu woyamba umabadwira mu chinthu cha MPa 100, osati cha 1000. Nthawi zambiri mng'alu wotere ukafika pa zirconia yosalala umaima kapena umakhotera m'mbali. Pano unapeza kangalande kotemedwa kale. Malovu anawonjezera: madzi amadula zomangira za silica pa nsonga ya mng'alu, choncho mng'alu wa m'galasi umakwawa pang'onopang'ono ngakhale pa mphamvu yochepa, kuluma kulikonse ukusuntha pang'ono. Chimanga chija chinangomaliza ntchito imene inayamba tsiku limene bridge inaikidwa.

Msinkhu wa connector ndiwo umalamula kwambiri. Mphamvu yake imakwera molingana ndi m'lifupi kuchulukitsa ndi msinkhu, n'kuchulukitsanso ndi msinkhu. Milimita imodzi imene inaperekedwa kwa porcelain pansi ndi pamwamba inachotsa mphamvu yoposa imene munthu angaganize poyang'ana.

Sindikunena kuti galasi pamwamba pa zirconia ndi loipa nthawi zonse. Yu Zhang ndi anzake ku New York University, cha m'ma 2009, anamwetsa zirconia yosapsa galasi lofota mofanana nayo, kuti pamwamba pakhale galasi lambiri n'kumachepa polowa mkati popanda malire akuthwa. Kukana kupindika (elastic modulus) kwa galasi ndi pafupifupi GPa 70, kwa zirconia 210. Kukamakwera pang'onopang'ono chonchi, mphamvu yokoka imasamukira mkati momwe muli zirconia yolimba, ndipo zidutswa zawo zinapirira katundu woposa zirconia wamba. Kusiyana kwake ndi bridge ya bamboyu ndi kuchuluka kwa galasi, malo ake, ndi mmene linalumikizirana ndi zirconia.

Glaze nayo ili ndi nkhani yake pa malo olumira. Imaoneka yosalala tsiku loyamba, koma imaperepeseka, ndipo ikayamba kukhakhala imadya dzino lolumana nalo. Zirconia yopukutidwa bwino ndi mawilo a diamond imadya enamel pang'ono kuposa yopakidwa glaze. Kwa munthu wokukuta mano kusiyanaku n'kofunika.

Chithandizo

Tinakhala pansi ndi bamboyu n'kukambirana njira zonse: implant (muzu wochita kuika m'fupa) pa 46 ndi ma crown (zipewa za mano) awiri osiyana, bridge ya chitsulo chokhachokha, ya chitsulo chokutidwa porcelain, mano ovula, kapena bridge ya zirconia yokhayokha yopanda porcelain. Implant inali yodula kwa iye. Chitsulo chokhachokha chikanamutumikira bwino kwambiri, ndipo ndinamuuza choncho, koma sanafune chooneka akamaseka. Atamva kuti ndikutchulanso zirconia anakwinya nkhope. Ndinamuonetsa chidutswa chake pa maikulosikopu, kangalande kaja ndi kuchepa kwa gawo loyera la mkati. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye kuti chitsulo chenichenicho chinali kakang'onoko basi." Anasankha zirconia yopanda porcelain.

Tinadula chipewa cha pa 47 ndi diamond bur, madzi akuthira kwambiri, chifukwa zirconia imatentha msanga ikamadulidwa ndipo dzino linali lamoyo. Tinasalaza ngodya zakuthwa pa 45 ndi 47, tinachepetsa pang'ono enamel ya nsonga ya 16 imene inatsika ija n'kuipukuta, ndipo mpata unawonjezeka. Anavala bridge yongoyembekezera mpaka nkhama zitaphwa, kenaka tinatenga muyeso.

Kusankha mtundu wa zirconia kunafuna kusamala. Zirconia yatsopano yowala kwambiri, 5Y, odwala ena amaiganizira kuti ili ndi galasi chifukwa kuwala kumadutsa. Ilibe. Ili ndi yttria yambiri, moti pafupifupi theka lake ndi cubic, ndipo cubic siisintha n'kutupa pa mng'alu. Mphamvu yake imatsikira ku MPa 500 mpaka 800. Ndi yokongola pa mano akutsogolo, koma pa bridge ya kumbuyo ya munthu wokukuta mano ayi. Tinalamula 3Y-TZP yokhala ndi mtundu wake kale kuchokera ku fakitale.

Pa pepala la ku labu tinalemba momveka. Connector ikhale mamilimita 4 m'lifupi ndi 3.5 msinkhu, pafupifupi 11 mm², zimene mwa kawerengedwe kaja zimapereka mphamvu yoposa kawiri ndi theka ya connector yakale ngakhale tisanawerengere kangalande. Pansi pake pakhale pozungulira bwino ngati U, posemedwa pa kompyuta zirconia isanapse. Disc isadutsepo ikatuluka mu ng'anjo. Polumira ndi pansi pa connector papukutidwe, pasapakidwe glaze. Glaze yopyapyala ikhale kumbali ya tsaya kokha kumene imaoneka, ndipo iziziritsidwe pang'onopang'ono. Mnzathu wa ku labu anaimba foni kudandaula kuti mano adzaoneka ogwirana kwambiri. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, kumbuyo uko palibe amene amayang'anako, koma kumalumidwa tsiku lililonse." Anamvetsa, ndipo ntchito inabwera monga tinalembera, pamodzi ndi nambala ya lot.

Pomata ndi pamene kusowa kwa galasi kumavutitsa. Hydrofluoric acid imadya silica, ndiye imakhakhalitsa porcelain ndi lithium disilicate kuti silane, mankhwala omatira ku galasi, igwire. Pa zirconia siichita kanthu chifukwa mulibe silica yokwanira yoti idye. Ena amapaka glaze mkati mwa crown kuti apeze choti adye ndi asidi, koma glaze ikakhuthala crown siikhala pansi bwino. Ife titayesa bridge mkamwa, tinaipemerera mkati ndi mchenga wa alumina wa ma micron 50 pa mphamvu yosapitirira bar 2. Izi zimachotsa malovu ndi kukhakhalitsa pang'ono popanda kuboola timing'alu tambiri. Phosphoric acid sitinaiyandikize, chifukwa phosphate yake imalanda malo amene primer, mankhwala opaka tisanamate, ikufuna. Kenaka tinapaka primer ya MDP, mankhwala ogwira pa zirconia, n'kumata ndi resin cement.

Pokonza kalumidwe panafunika kuchotsa pang'ono pa nsonga imodzi. Tinachita ndi diamond yosalala, madzi akuthira, osakanikiza, kenaka tinapukuta ndi mawilo onse a zirconia motsatana mpaka panyezimira. Malo osemedwa n'kusiyidwa okhakhala ndi pamene ming'alu yatsopano imayambira, komanso ndi amene amadya dzino la m'mwamba. Tinamupangira chotchingira mano cholimba chovala usiku. Pa zakudya sindinamuletse chimanga kapena nzimbe kotheratu, chifukwa sakanamvera. Ndinamupempha kuti mafupa, njere zouma kwambiri ndi zitsekerero za mabotolo zisafike pa mano.

Kubweranso kwake

Atabwera koyamba, kunyerenyetsa kwa pa 45 kunali kutatha ndipo nkhama zinali bwino. Tinamuphunzitsa kulowetsa floss pansi pa dzino lapakati, chifukwa connector yaikulu imachepetsa mpata wotsukira, ndipo umenewo ndi mtengo wake wa kulimba kumene tinasankha.

Patatha chaka, bridge inali yathunthu, yopanda pobenthuka, m'mphepete mwake mothina, polumira pakunyezimirabe. Dzino la 16 silinaonetse kudyeka kwatsopano. Glaze ya kumbali ya tsaya inali itayamba kuzimirira pang'ono chakumtunda, tinangopukuta. Chotchingira mano chinali ndi ngalande zakuya kumanja, umboni wakuti kukukuta kukupitirira ndi mphamvu yomweyo. Anaulula kuti akakhala pa ulendo amachiiwala kunyumba, ndipo maulendo ake amatenga masabata. Tinamupangira chachiwiri choti chizikhala m'galimoto, ndipo tinagwirizana kuti azibwera kamodzi pa chaka ndi zonse ziwiri, kuti tiziona kalumidwe, m'mphepete mwa 45 ndi 47, ndi pansi pa ma connector.